Bango Limene Ndinayezera Agogo Anu

Ana inu, pa tchuthi chapitachi munandipanikiza ndi mafunso za chinthu chija chili kuseri kwa khola la mbuzi, chimene nkhuku zimaikiramo mazira. Pemphero anati ndi chomwera ng'ombe. Tiyamike anati ndi bedi la munthu wamtali. Iwe Mwayi unachijambula ndi foni yako n'kutumizira anzako ku Lilongwe, ati aone bafa la agogo. Ndinakumvani nonse koma sindinayankhe. Ine kuyankha msanga sindidziwa. Agogo anu aakazi ankati ukandifunsa funso pobzala, yankho umalandira pokolola. Ndiye lero ndakolola.

Lija ndi boti. Boti la injini. Ndinalikhoma ndi manja angawa, kuno ku Mchinji, kumene ambiri a ife madzi akuya amene tinkawadziwa anali a mu diramu.

Mukudziwa kuti ndinali kalipentala. Ndinkakhoma zitseko, mabenchi a kutchalitchi, ngolo, ndiponso mabokosi a maliro. Zida zanga zinali sowo, hamala, tchizulo ziwiri, pulena ndi kasemasema amene anandisiyira amalume. Za magetsi zimene zimalira ngati nkhumba yogwidwa mwendozi kunalibe. Thabwa unkalipala mpaka ulidziwe ngati mnzako.

Agogo anu, a Nachisale, sanali a kuno. Anabwera ali mtsikana kuchokera ku Nkhotakota, bambo awo atapeza malo a utenanti pa esiteti ina ya fodya cha ku Ludzi. Ine ndinapita kumeneko kukakonza zitseko za shedi, ndipo ndinawapeza a Nachisale akusoka fodya. Chitseko chimodzi ndinachikonza masiku anayi. Chinalibe vuto lililonse. Tsiku lachinayi iwo anati, "Achimwene, chitsekocho mukachikonzanso mawa chiyamba kuyankhula." Ndi mmene tinadziwirana.

Moyo wawo wonse ankatiseka ife a kumtunda chifukwa choopa madzi. Ankati munthu wa ku Mchinji akaona chithaphwi amayamba walapa machimo. Ine sindinkatsutsa, poti kusambira sindidziwa mpaka lero.

Tsono inu mukabwera kuno mumawoloka dambo lija pa mlatho, muli pa njinga yamoto, makutu mutatseka ndi tizingwe tanu. Kale mlathowo kunalibe. Mvula ikakhazikika, mtsinje wathu umene umakathira mu Bua unkasefukira dambo lonse, kuyambira Januwale mpaka chimanga chitayamba kuuma. Tchalitchi chathu chili kutsidya. Lamulungu tinkawolokera pa dooko la kumtunda, titagwirana manja, nsapato ndi zovala zabwino zili pamutu, madzi ali m'chiuno, pena m'chifuwa. Tikafika kutsidya tinkayamba tachotsana misundu m'miyendo, kenaka n'kuvala kuseri kwa chulu, amuna uku, akazi uko. Amene sankafuna kunyowa ankazungulira ku msewu waukulu, ulendo wa theka la tsiku m'matope.

Titakula, nyamakazi inawagwira agogo anu m'mawondo. Miyendo inakana kupindika. Pabwalo ankayenda ndi ndodo, koma m'madzi ozizira aja sakanatha. Zaka ziwiri zotsatizana anakhala osapita kutchalitchi dzinja lonse, ndi Pasaka yemwe. Sanadandaule. Koma Lamulungu lililonse ankasamba, n'kuvala chitenje chawo cha kutchalitchi, n'kukhala pakhonde atayang'ana kutsidya. Belu lathu linali limu ya tayala la thirakitala yopachikidwa pa mtengo, ndipo likalira mawu ake ankawoloka dambo bwinobwino. Iwo ankachita chizindikiro cha mtanda n'kutulutsa kolona. Ine ndinkapita, n'kuwasiya pomwepo. Pobwera ankandifunsa kuti, "Aimba nyimbo ziti lero?" Funso limenelo linkandibaya kuposa msomali.

Chaka chachitatu, pa Lachitatu la Phulusa, analengeza kuti pa Pasaka wansembe adzabwera kudzachita Misa ku tchalitchi chathu chaching'onocho, zimene sizinkachitika kawirikawiri. Ndili m'madzi pobwerera, phulusa likadali pamphumi, ndinadziuza kuti chaka chino a Nachisale akakhalako. Nowa sanapite ku sukulu ya maboti. Masiku makumi anayi ndinali nawo.

Cholakwa changa choyamba chinali chakuti sindinawauze. Ndinkafuna adzangoona. Tangoganizani, munthu wobadwira kunyanja ali m'nyumba mwanga momwemo, amalume ake onse okhoma maboti, koma ine amene boti ndinaliona pa kalendala n'kumati ndichita ndekha. Musamaseke kwambiri. Nanunso mudzakwatira.

Ndinacheka matabwa a malaina, n'kuwalowetsa m'chigafa chakale kuseri kwa munda. M'mbali ndinatchinga ndi masaka. Ndiye panabwera funso: boti likhale lalitali bwanji? Poti mawondo a agogo anu sankapindika, ndinafuna kuti akhale atatambasula miyendo, msana atatsamira, ngakhale kugona kumene akafuna. Ndinayenera kuwayeza. Tepi yanga inali itafufutika manambala. Ndinapita kudambo n'kudula bango.

Apa ndiime kaye, chifukwa inu a m'tauni simungamve. Masiku ano mabokosi amawayala m'mbali mwa msewu ngati masofa, munthu n'kumadutsa akudya chimanga chootcha. Kale sizinali choncho. Bokosi silinkakhomedwa munthu ali moyo. Kutero kunali kulaula, kuitana imfa pakhomo. Munthu akamwalira, achibale ankadula bango, n'kuyeza thupi kuyambira kuchidendene mpaka kumutu, n'kubwera nalo kwa kalipentala. Ine ndikaona anthu awiri akubwera mwakachetechete ndi bango, sindinkafunsa. Ndinkangotenga sowo. Zaka zonsezo muyeso wa munthu ndinkaulandira choncho, mwakuti manja anga anakadula bango mutu usanaganize.

Masana ena agogo anu anagona pa mphasa pansi pa mtengo wa mango. Ndinanyang'ama, n'kugwada, n'kugoneka bango lija pambali pawo. Ndikulemba chizindikiro ndi chikhadabo cha kumutu, ndinamva chinthu chikugwa. Anali mlongo wanga, a Velonika, amene inu mumawatcha agogo a maswiti. Anabwera ndi dengu la mondokwa, ndipo mondokwayo anali mbwee pansi. Anaima kukamwa kuli yasa.

Ndikanayankhula. Ndikanati, "Alongo, si zimene mukuganiza." Koma poopa kudzutsa wogona, ndinaika chala pakamwa n'kunena kuti, "Shiii."

A Velonika anabwerera chafutambuyo mpaka kunjira. Dengu analisiya.

Sabata yotsatira inali yodabwitsa. Anthu ankandipatsa moni akuyang'ana kumbali. Ndikamakhoma m'chigafa, ndinkaona masaka akugwedezeka, diso likusuzumira, kenaka mapazi akuthawa. Kunyumba alendo sankatha. Amayi a mumphakati mwathu ankabwera awiriawiri, wina ndi phala, wina ndi nkhuku, n'kupemphera kolona ndi agogo anu, ena akupukuta misozi. Agogo anu anandifunsa kuti, "A Phiri, tandiyang'anani bwino. Kodi ndikuoneka kuti ndatha? Nkhuku zitatu sabata imodzi, ngakhale nditabereka Dominiko sindinalandire."

Ine ndinati, "Anthu amakukondani." Ndipo ndinkakhulupiriradi choncho. Ndinathokoza Mulungu chifukwa cha chikondi cha Akhristu m'nyengo ya Lenti.

Loweruka a Velonika anabwera ndi amayi ena awiri, nkhope zili gwa. Anandiitana pakhonde pamaso pa agogo anu.

"Achimwene, nenani pamaso pa alamu angawa. M'chigafamo mukukhoma chiyani?"

"Ntchito."

"Ntchito ya yani? Wamwalira ndani m'mudzi muno amene ife sitinamve? Ine ndinakuonani ndi maso angawa, bango lili m'manja. Anawanso asuzumira, aona. Munthu akudya, akuyankhula, inu mwayamba kale kupala matabwa! Mayi athu akanakhala moyo bwenzi atakomoka."

Agogo anu anatembenuka pang'onopang'ono n'kundiyang'ana.

"A Phiri, munandiyeza ndi bango?"

"Ndinakuyezani."

"Ndili mtulo?"

"Muli mtulo."

Kenaka anati, "Chabwino. Tandipatsani ndodo yanga. Ngati ndi langa, ndikalione. Mwina mtundu wa nsalu ndisankhe ndekha."

Tinayenda tonse asanu mpaka kuchigafa, pang'onopang'ono ngati tikuperekeza maliro enieni. Ndinachotsa masaka. Ndipo ana inu, pamene ndinaliyang'ana ndi maso a anthu ena, mtima unagwa. Linali lopapatiza kumiyendo, lotambasuka cha kumtunda, n'kupapatizanso kumutu. Manja anga ankadziwa chinthu chimodzi chokha chachitali cholowamo munthu, ndipo anakhoma chomwecho, kungoti chachikulu.

"Ndi boti," ndinatero. "Loti mukawolokere pa Pasaka."

Agogo anu analizungulira ndi ndodo yawo, akuligogoda. Mapewa awo anayamba kugwedezeka. Ndinkayesa akulira. Kenaka chiseko chinaphulika, mpaka anakhala pansi pa mulu wa matabwa atagwira nthiti.

"Mayi wanga ine! A Phiri, boti limakhala ndi mapewa? Apa pangotsala chivindikiro ndi nkhata za maluwa!" Anapukuta misozi ndi chitenje. Atapuma, anandiyang'ana nthawi yaitali, kuyang'ana kuja kwa m'shedi ya fodya. "Ndiye mumafuna ndikakhaleko ku Misa."

"Ndimafuna mukakhaleko."

"Zulani matabwa a kutsogoloku. Mawa mundibweretsere mpando muno."

Pobwerera ndinafuna kuthyola bango lija ndilitenthe. Iwo anandigwira dzanja. "Lisomekeni kudenga. Muyeso ndi wabwino. Lidzagwira ntchito yake, koma osati chaka chino."

Kuyambira tsiku limenelo ndinali ndi kapitawo. Pa esiteti ndinaonapo akapitawo ovuta, koma wonga uyu ayi. Ankakhala pa mpando, ndodo ili m'manja, akuloza. Anandiphunzitsa kukulunga thabwa m'masaka n'kumalithira madzi owira mpaka lifewe, kenaka kulipinda pang'onopang'ono ndi chingwe kuti mutu wa boti usongoke n'kudzuka. Matabwa awiri ndinathyola chifukwa cha phuma, ine amene anthu amati ndilibe phuma. M'kati tinaikamo nthiti za mtengo wolimba. M'mipata tinatsindiramo tizidutswa ta bulangete lakale, n'kumata phula lotentha. Ndikati, "Apa pakwana," iwo ankati, "Madzi alibe ulemu, a Phiri. Sagogoda."

Za injini anati n'zosafunika, nkhafi ndi yokwanira. Ndinawakumbutsa kuti pakati pa dambo madzi amathamanga, ndipo wopalasayo ndine. Anandiyang'ana manja, anandiyang'ana nkhope, n'kuti, "Kaitaneni a Zulu."

A Zulu anali mnzanga wowotcherera zitsulo pa msika. Anakhalapo ku Chipata zaka zingapo ali mnyamata, ndipo chiyankhulo cha kumeneko anabwera nacho osachitulanso. Ine ankanditchula dzina langa loyamba, Fabiano. Tinatenga injini ya pampu yothirira kudimba, amene nthawi ya dzinja amangokhala. A Zulu analumikizako paipi yaitali, ndipo kumapeto kwake anawotchererako mapiko atatu odula ku khasu la pulawo, amene ankawatcha fani. Tinayesera mu diramu. Madzi onse anathera pa malaya awo.

"Ba Fabiano, mwaona? Iyi izakufikisani na ku Beira!"

Tonse tinakhutira. Palibe anafunsa kuti madziwo akukankhidwira mbali iti.

Lachinayi Loyera m'mawa tinakweza boti pa ngolo, agogo anu atakhala pambali pake, n'kupita kudambo. Injini tinaisiya kunyumba. Mudzi wonse unali pa chulu kudzaonerera. Tinalikankhira m'madzi. Linayandama bwino, ine n'kuyamba kuwongola khosi. Kenaka ndinaona timadzi tikutuluka m'mipata ngati thukuta. Tinasanduka tiakasupe. Pasanathe nthawi yophika tiyi, boti linali litadzaza mpaka m'milomo.

Pa chulu panali phwando. Wina anafuula kuti, "A Phiri, zanu zimazolowera kupita pansi!" Ndinalowa m'madzi kuti ndilikoke.

"Lisiyeni!" anakuwa agogo anu ali pa ngolo. "Ikanimo miyala limire bwino. Boti latsopano limayamba lamwa. Matabwa akatupa atsekana okha. Masiku atatu."

"A Nachisale, masiku atatu ndi Pasaka."

"Ndiye mwawerenga bwino."

Sindinagwire hamala Lachisanu Loyera, sindinagwire Loweruka. Ndinkangopita kudambo kukayang'ana pamene tinalimiza. Ndikuuzeni zoona, chikhulupiriro changa pa masiku atatu amenewo chinali chaching'ono kuposa cha Tomasi.

Lamulungu kutacha, ine ndi a Zulu tinachotsa miyala n'kukapa madzi ndi ndowa. Boti linadzuka. Tinadikira. M'kati munangolowa timadzi tosakwana kapu. Agogo anu anafika pa ngolo atavala chitenje chija, duku latsopano kumutu, ndipo sananene kuti "ndinakuuzani." Anangokhosomola.

A Velonika anali pomwepo, nsapato zili pamutu, akupita ku dooko ndi anzawo. Ndinati, "Alongo, malo alipo."

"Ine m'bokosi la achimwene ndidzalowamo kamodzi kokha," anatero, n'kumapita.

Tinamanga injini kumbuyo. Tinawanyamula agogo anu n'kuwakhazika, miyendo atatambasula. Muyeso unali ndendende. Ine ndinakhala pa injini, mutu wa boti utaloza kutchalitchi. A Zulu anaima m'madzi kumbuyo kwathu n'kukoka chingwe. Injini inakhosomola, inalira, fani inagwira madzi, ndipo boti linanyamuka ndi mphamvu, kubwerera kumtunda kumene tinachokera. A Zulu anagwa chagada m'matope. Ife tinakaima m'mabango.

Nditazimitsa injini, belu loyamba linalira kutsidya.

A Zulu anadzuka akulavula matope, n'kuyang'ana fani. "Ba Fabiano, mapiko napindila kumbali yolakwika. Manje ifunika kudula na kuwocha futi."

"Nthawi yaitali bwanji?"

"Kupita kumsika na kubwela, ni mazulo."

Ndinakhala pansi m'botimo. Masiku makumi anayi, matabwa, phula, manyazi onse aja, ndipo munthu wanga adzamvanso Pasaka ali tsidya lino, atavala duku latsopano. Ndinati, "A Nachisale, mundikhululukire."

Iwo anali akuyang'ana injini, mutu atapendeketsa. "A Phiri, pa ngolo zanu zija, ng'ombe zimakhala kuti?"

"Kutsogolo."

"Nanga mukudandaula chiyani? Injiniyi ndi ya ku Mchinji. Kukankha sidziwa, imadziwa kukoka. Tembenuzani boti."

Tinalitembenuza. A Zulu anakokanso chingwe, ulendo uno ataima patali. Ndipo tinanyamuka, injini patsogolo ngati ng'ombe, ife pambuyo, mutu wokongola uja tinaupinda masabata awiri ukutitsatira ngati mchira. Madzi ankamenya thabwa lafulati n'kundithira kumsana. Kuwongolera kunali kwa mutu pansi: ndikafuna kumanja linkapita kumanzere. Chitsamba china cha gumbwa tinachizungulira kawiri, mwakuti mbalame imene inali pamenepo inatopa nafe n'kuuluka.

"Kumanzere, a Phiri! Kumanzere kwanu, osati kwa injini! Mayi wanga ine, ndinakwatiwa ndi mlimi!"

Titafika pakati, pamene madzi amathamanga, ine ndinkapemphera Tikuoneni Mariya mosadukiza. Ndinayang'ana agogo anu. Anali atatsitsa dzanja m'madzi, zala zikung'amba madziwo, akung'ung'udza kanyimbo ka kwawo kamene ndinali ndisanakamve chichokere ku shedi ya fodya. Nkhope imeneyo ndikanakhala ndi foni ngati yako, Mwayi, ndikanaijambula. Koma mwina ndi bwino kuti ndinalibe. Ndinaiyang'ana ndi maso onse awiri.

Phokoso la injini linatulutsa anthu m'tchalitchi. Tinafika chafutambuyo, Akhristu onse ali m'mphepete, wansembe atavala kale zoyera. Anatiyang'ana n'kufunsa kuti, "Bambo Phiri, mukubwera kapena mukupita?"

Agogo anu ndiwo anayankha. "Tafika, Bambo."

A Velonika anatuluka m'gulu, chitenje chikadali chonyowa, n'kugwira mkono wina wa alamu awo, ine mkono wina. Tinalowa nawo pang'onopang'ono, kwaya ikuimba Aleluya. Ulaliki wa tsiku limenelo musandifunse. Sindinamve ngakhale liwu limodzi. Ndinkangoyang'ana duku lija kumbali ya amayi, mpaka linanyamuka kupita kukalandira Ukalistia.

Pambuyo pake a Zulu anafuna kukonza fani. Agogo anu anakana, ati boti lazolowera, lingasokonezeke. Madzinja atatu tinawoloka choncho Lamulungu lililonse, ndipo okalamba ena anayamba kukwera nafe. A Velonika sanakwerepo. Kenaka mlatho unabwera, boti n'kupuma.

Agogo anu anatisiya m'chilimwe, dambo litauma, ana akusewera mpira pamene tinazungulira gumbwa paja. Achibale atanyamuka kuti akadule bango, ndinawauza kuti akhale pansi. Ndinakwera pa mpando n'kusolola lija kudenga, lakuda ndi utsi, chizindikiro cha chikhadabo changa chikuonekabe. Bokosi sindinakhome ine, manja anakana. Ndinapereka bangolo kwa kalipentala wina, ndipo ndinamupempha chinthu chimodzi chokha: mapewa asakulitse, mwini wake amaseka.

Ndiye Mwayi, uwalembere anzako aja kuti si bafa. Ndipo mukabwera Disembala, potola mazira muzilowera mbali yafulatiyo. Kumeneko ndiye kutsogolo.